Bezi yakale ya pa tchalitchi chathu: tiibwezere mwakale kapena tiisinthe?

Wakwaya_Ulongwe analemba kuti:

Akuluakulu ndi abale nonse amene mumadziwa za zida zoimbira, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani ya gitala ya bezi imene tili nayo pa tchalitchi chathu kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Gitalayi yakhala zaka zambiri itatsamira khoma m'chipinda chosungiramo katundu, ndipo akulu a mpingo akuti inabwera ndi munthu wina amene ankagwira ntchito ku Zimbabwe. Ili ndi nsambo zinayi, ndipo maonekedwe ake ndi ofanana ndi a Fender Precision, chifukwa pikapu yake, kachipangizo ka maginito kotola mawu a nsambo, ndi imodzi yogawika pawiri, mbali ina pansi pa nsambo ziwiri zazikulu ndipo ina pansi pa ziwiri zazing'ono. Kumutu kwake kulibe dzina popeza wina anapalapo, koma pa kachitsulo ka makona anayi kamene kali kumbuyo, pomwe khosi limalumikizana ndi thupi, pali mawu a Chingerezi onena kuti inapangidwa ku Japan.

Mavuto ake ndi angapo. Nsambo zatalikirana kwambiri ndi khosi, moti mtsikana amene tikumuphunzitsa amadandaula kuti dzanja likumupweteka asanamalize ndi nyimbo imodzi yomwe. Tikailumikiza ku ampu imalira ndithu, koma pamodzi ndi mawu ake pamamveka kung'ung'udza kosalekeza kumene sikusintha ngakhale ndigwire nsambo. Chopotokola cha toni chimangozungulira osachita kanthu, chokungira nsambo ya G chinathyoka khutu, ndipo penti yakuda ya kumbuyo inasupuka pamalo pamene lamba wa woimba ankakhula.

Achinyamata a m'kwaya akufuna kuti tiipale yonse, tiipake penti yofiira, tiboole thupi lake kuti tiikemo pikapu yachiwiri pafupi ndi bridge, chitsulo chimene chimagwira nsambo pa thupi la gitala, ndiponso tiikemo batire monga mabezi amene amawaona pa YouTube. Ine mtima wanga ukukana kuboola chinthu chimene chakhala chathunthu kwa zaka zonsezi, koma sindikufunanso kuwagwetsa ulesi anawa, chifukwa ndi iwo amene azidzaiimba Lamlungu lililonse. Kodi gitala yotereyi ndi yoyenera kutayirapo ndalama? Ngati ndi choncho, tiyambire pati, ndipo ndi ziti zimene tingachite tokha kuno popanda kuitumiza ku Tete kapena ku Lilongwe?

Mkulu_wa_ku_Matundo anayankha kuti:

Achimwene a ku Ulongwe, mwachita bwino kufunsa musanatenge sandipepa m'manja. Ine ndinaimba bezi m'mabandi a kuno ku Tete kuyambira ndili mnyamata, ndipo chimene ndingakuuzeni poyamba n'chakuti musagule kanthu kalikonse mpaka mutadziwa mmene khosi lilili. Mawaya amasinthika, zokungira zimasinthika, koma bezi ya khosi lopotoka simungaichiritse ndi penti kapena ndi batire.

Za mtundu wake, Leo Fender anatulutsa Precision mu 1951 ku Fullerton, m'chigawo cha California, ndipo pikapu yogawika pawiri imene mukufotokozayo inayamba mu 1957. M'zaka za m'ma 1970 makampani a ku Japan monga Greco, Tokai ndi Fernandes ankapanga magitala otengera maonekedwe amenewa, ndipo ena anali abwino kwambiri moti mu 1982 kampani ya Fender inatsegula nthambi yake ku Japan n'kupereka ntchito kwa FujiGen, fakitale yomwe inkapanga Greco. Komabe ku Japan komweko kunkachokeranso mabezi otchipa a thupi la pulayiwudi, choncho mawu a pa kachitsulo aja paokha sakukuuzani zambiri. Mukamasula nsambo ndi masikuluwu anayi a kumbuyo n'kuchotsa khosi, yang'anani m'dzenje limene khosilo limakhalamo. Ngati mukuona timizere tambiri ta matabwa opyapyala omatikizana, ndiye kuti ndi pulayiwudi, koma ngati ndi thabwa lenileni, muli ndi chinthu choyenera kuchisamala. Nthawi zina mumapezekanso chidindo kapena manambala olembedwa ndi pensulo kuchidendene kwa khosi, ndipo amenewo musawafufute.

Tsopano za khosilo. Nsambo zinayi za bezi zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, usana ndi usiku, ndipo chimene chimalimbana ndi mphamvu imeneyi ndi ndodo yachitsulo imene ili m'kati mwa khosi, yotchedwa truss rod. Gitala ikasiyidwa zaka zambiri nsambo zili zokunga, khosi limapindikira kutsogolo ngati uta, n'chifukwa chake mwanayo akuvutika. Kuti muone kukula kwa vutolo, kungani nsambo mmene zimakhalira poimba, dinikizani nsambo yaikulu pa freti yoyamba ndi pa freti yomaliza (mafreti ndi timizere tachitsulo topingasa pa khosi) nthawi imodzi, ndipo wina ayang'ane mpata umene watsala pakati pa nsamboyo ndi freti yachisanu ndi chitatu. Mpata woyenera ndi wa mamilimita pafupifupi 0.3, wongokwana kulowetsapo kakhadi kopyapyala. Kenako ikani diso kumutu kwa gitala n'kuyang'ana kutsika ndi khosi lonse, m'mbali zonse ziwiri. Ngati mbali ya nsambo zazikulu ndi mbali ya nsambo zazing'ono zapindika mofanana, nkhani yake ndi yapafupi, koma ngati mbali ina yakwera pamene ina yatsika, khosilo lapotoka ndipo ntchito yake si yochitira pakhomo.

Pa mabezi otengera Fender yakale, mutu wa truss rod umakhala kuchidendene kwa khosi osati kumutu, ndiye mungafunike kuchotsa khosi kuti muufikire. Musayambe ndi kumanga. Yambani mwaubweza pang'ono kumanzere kuti muone ngati ukuyenda, mudonthezerepo kadontho ka oyilo wa makina osokera, kenako mumange kumanja gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kumodzi, mubwezere khosi ndi nsambo, ndipo muisiye igone mpaka mawa musanayezenso. Ukakana kuyenda, musaukakamize, chifukwa ndodoyo ikathyokera m'kati pamafunika kumatula thabwa lonse la mafreti. Khosi likawongoka, tsitsani timipando ta pa bridge mpaka nsambo yaikulu italikirane ndi freti ya 17 ndi mamilimita pafupifupi 2.5. Timipandoto tikafika pansi nsambo zidakali m'mwamba, ikani kachidutswa ka khadi m'dzenje la khosi, kumapeto kwake koyang'ana ku bridge, ndipo mudzadabwa mmene kanthu kochepa choncho kamasinthira zinthu. Chomaliza ndi kuona ngati mawu a pa freti ya 12 akugwirizana ndi a nsambo yosadinikiza. Bezi yotere imakhala ndi mamilimita 864 kuchokera pa nut, kachidutswa kamene nsambo zimadutsapo kumutu kwa khosi, mpaka pa bridge, ndipo freti ya 12 ili pakati penipeni. Mawu a pa fretiyo akakwera kuposa oyenera, bwezani kampandoko m'mbuyo kuti nsambo italike.

Kumbukiraninso kuti thabwa limamva nyengo. Kuno kumzinda kutentha kwa mu Okutobala kumadutsa madigiri 40, ndipo ndinaonapo guluu atasungunuka pa gitala yosiyidwa m'galimoto yotseka magalasi. Kwanu kumapiri vuto lalikulu ndi kusinthana kwa chinyezi cha dzinja ndi kuuma kwa chilimwe, choncho muyeso wa mpata uja muziubwereza mvula ikayamba ndiponso ikatha.

Pa nkhani ya penti ndili kumbali yanu kotheratu. Penti yoyambirira ikangochotsedwa sibwereranso, ndipo ngati mutadzapeza kuti bezi yanu ndi imodzi mwa zabwino za nthawi ija, osonkhanitsa magitala akale amaichotsera mtengo kwambiri gitala yopakidwanso. Kusupuka kwa kumbuyoko sikusintha mawu ngakhale pang'ono.

Wamawailesi_Moatize anayankha kuti:

Bambo a ku Matundo afotokoza za thabwa, ine ndilankhulepo za mawaya, popeza ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi maampu. Achimwene, mawu amene andigwira mtima m'kalata yanu ndi akuti kung'ung'udzako sikusintha ngakhale mugwire nsambo. Pikapu ya Precision ili ndi makoyilo awiri okulungidwa motsutsana, ndipo maginito ake nawonso amayang'ana motsutsana, n'cholinga choti phokoso la magetsi, limene kuno kwathu ndi la ma hertz 50, lizizimitsana lokha. Bezi yotere ikakhala bwino imayenera kukhala chete. Pansi pa bridge pamadutsa kawaya kamene kamalumikiza chitsulo cha bridge ndi nsambo zonse ku msana wa chopotokola cha voliyumu. Kawayako kakakhala kolumikizika, phokoso limachepa munthu akagwira nsambo. Kwa inu silikuchepa, ndiye ndikukhulupirira kuti kanaduka kapena dzimbiri lalowa pakati pa iko ndi bridge. Masulani bridge, palani dzimbirilo mpaka chitsulo chiwale, ndipo muyale timawaya ta kumapeto kwake kuti bridge ikatipane bwino pobwezera.

Bwerekani mita yoyezera magetsi kwa wokonza mafoni aliyense. Lowetsani kebulo mu gitala, tsegulani voliyumu yonse, ndipo muyeze pakati pa nsonga ya jeki ndi thupi lake kumapeto ena a kebuloyo. Pikapu ya Precision ya Fender imaonetsa ma ohm pafupifupi 10,000 kapena 11,000, ndipo zotengera zina zimaonetsa ochepera pamenepo. Mita ikaonetsa nambala yaikulu kwambiri, yofika m'ma 200,000 kapena kuposa, ndiye kuti waya wa m'koyilo waduka penapake. Kenako lumikizani ku ampu yotsitsa mawu n'kugogoda maginito aliyense mopepuka ndi nsonga ya sikuludiraiva. Mbali zonse ziwiri ziyenera kuyankha mofanana. Za toni yosagwirayo musade nazo nkhawa, chifukwa m'katimo muli zinthu zochepa kwambiri: zopotokola ziwiri za 250k, kapasita imodzi ya 0.047 kapena 0.1 microfarad, ndi jeki. Kawirikawiri amakhala mwendo wa kapasita umene wachoka pamalo pake, ndipo kuwotcherera ndi mtovu kumatheka m'mphindi zochepa. Zimene mwachotsa musataye, muzisunge m'kachitini pamodzi ndi masikuluwu ake.

Batire sindikukulimbikitsani. Mabezi okhala ndi batire anatchuka ndi Music Man StingRay ya mu 1976, ndipo mawu ake ndi okoma ndithu, koma batire ya mavoti 9 imayamba kudyeka nthawi iliyonse imene kebulo ili m'jeki, ngakhale palibe akuimba. Pa tchalitchi pamene gitala imagwiridwa ndi anthu ambiri, wina adzaiwala kuzula kebulo Lachinayi, ndipo Lamlungu mawu adzayamba kusasa pakati pa nyimbo.

Chimene ndikupempha kuti muchitenge mozama kuposa zonse ndi ichi. Mukalumikiza kawaya ka pa bridge kaja, nsambo zanu zimakhala zolumikizika ndi chitsulo cha ampu kudzera m'kebulo. Maampu ambiri amene amandipeza kuno anagulidwa ku Malawi ali ndi pulagi ya mano atatu a makona, ndipo popeza salowa m'masoketi athu a mabowo ozungulira, anthu amadula pulagiyo n'kulowetsa mawaya awiri osavala, wachitatu uja wopita pansi n'kumusiya akulendewera. Ampu yotero ikawonongeka m'kati, mavoti 220 amatha kufika pa nsambo, ndipo woimba akagwira maikolofoni ndi dzanja linalo magetsi amadutsa pachifuwa pake. Les Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni ya magetsi osalumikizidwa pansi. Ngati wina m'kwaya anamvapo kuluma pamlomo akayandikira maikolofoni, zimitsani zonse mpaka munthu wodziwa za magetsi aone pulagi, soketi ndi waya wopita pansi, makamaka ngati mumagwiritsanso ntchito jenereta.

Mayi_wa_bezi_Zobue anayankha kuti:

Ndikulemekeza zimene abambo awiriwa anena, ndipo za khosi ndi za magetsi ndilibe chowonjezera, koma ndikufuna kuwayankhulirako achinyamata aja, chifukwa pempho lawo lili ndi maziko. Ana a kuno anakula akumva sungura, mmene bezi siingokhala pansi kugwira nyimbo koma imathamanga mpaka kumafreti a pamwamba, monga amachitira Alick Macheso, ndipo mawu amene makutu awo akufuna ndi owala, omveka nsambo iliyonse payokha. Precision yokhala ndi nsambo zakufa singawapatse zimenezo. Pikapu ya pafupi ndi bridge imene akuinenayo ndi ya mtundu wa Jazz Bass, imene Fender anatulutsa mu 1960, ndipo kuphatikiza pikapu ziwirizi pa gitala imodzi ndi chinthu chimene makampani ambiri amachita masiku ano. Gitala ya pa tchalitchi ndi chida chogwirira ntchito, ndipo ngati itapezeka kuti ndi ya pulayiwudi, ine sindikuona cholakwa kuiboola, bola wobowolayo akhale mmisiri wa manja abwino. Dziwani chabe kuti pikapu ya Jazz ikakhala ya koyilo imodzi imabweretsa kung'ung'udza kwake, kumene ya Precision ilibe.

Komabe, achimwene, musanafike pamenepo yesani nsambo zatsopano za mtundu wa roundwound, zokhakhala mukamazisisita, za muyeso wa 45 mpaka 105. Nsambo zotere zinatchuka m'zaka za m'ma 1960 pamene kampani ya Rotosound ya ku England inagwira ntchito ndi John Entwistle wa gulu la The Who, amene ankafuna mawu owala omwewa. Kwa inu, kudutsa pa chipata cha m'malire cha Calómuè n'kupita ku Lilongwe kungakhale kwapafupi kuposa kubwera ku Tete, ndipo mungatume wina amene amayenda ulendowo. Podikira, nsambo zakalezo ngati zilibe dzimbiri ziphikeni m'madzi owira kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, muziumitse bwino padzuwa, n'kuzibwezera. Mafuta a m'manja amatuluka, ndipo mawu amabwerako kwa masabata angapo, ngakhale kuti sizikhala ngati zatsopano. Toni ikakonzedwa n'kutsegulidwa yonse, mtsikana uja aimbire pafupi ndi bridge, ndiye achinyamatawo amve okha asanaweruze. Muwalolenso kukhalapo tsiku limene mudzaimasule, agwire nawo sikuludiraiva, chifukwa mwana amene waona m'kati mwa chida sachisiya pansi pa denga lodontha.

Kalipentala_Furancungo anayankha kuti:

Ine sindiimba, koma ndakonzerapo anthu magitala angapo pa benchi yanga. Masikuluwu a khosi kapena a lamba akamangozungulira osagwira, lowetsani timitengo ta machesi topakidwa guluu wa matabwa m'bowomo, mudikire uume, ndipo sikuluwu idzagwira ngati kale. Thabwa la mafreti likakhala lakuda losapakidwa vanishi, lipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, kenako mupakepo timadontho ta mafuta a linseed n'kupukutanso mpaka liume. Mafuta ophikira musayerekeze, chifukwa amavunda n'kuyamba kumata fumbi. Nut ikakhala yosweka, fupa la mwendo wa ng'ombe lophikidwa ndi kuumitsidwa bwino limasemeka ndi tupa, ndipo limalimba kuposa pulasitiki. Chokungira chothyokacho yezani kukula kwa bowo lake musanafune china, kuti musadzakulitse bowo la kumutu.

Pa mkangano wa penti ndili ndi maganizo ena. Popeza khosi la bezi yotere limangogwidwa ndi masikuluwu anayi, palibe chokuletsani kusema thupi lachiwiri. Mlombwa, umene anzathu amautchula kuti umbila, ukauma bwino sufota kapena kupindika wamba, ndipo si wolemera mopitirira kwa munthu woimirira nthawi yaitali. Phingo musaliganizire pa thupi, ndi lolemera kwambiri, n'chifukwa chake kunja amaligula kuti apangire zitoliro monga klarineti. Mungajambule thupi lakalelo pa thabwa, dzenje la khosi mulitengere ndendende, bridge ikhale pa mtunda womwewo kuchokera pa nut, ndipo pamenepo achinyamata apake mtundu umene akufuna ndi kuboola mmene angafunire. Thupi lakale mulikulunge m'nsalu n'kulisunga pamalo ouma, pamwamba, kutali ndi chiswe.

Wakwaya_Ulongwe analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonsenu, abambo ndi amayi. Tinaimasula pamodzi ndi achinyamata monga mayi a ku Zóbuè analangizira. Thupi ndi la thabwa lenileni, zidutswa zitatu zomatikizana m'litali, ndipo khosi lapindika mofanana mbali zonse. Truss rod inayenda titadonthezera oyilo, ndipo mpata uja wayamba kuchepa. Kawaya ka pansi pa bridge tinakapeza katabwerera m'bowo lake, kosakhudza chitsulo n'komwe. Anawo ataona thabwalo agwirizana kuti tisaliboole, ndipo maganizo a bambo a ku Furancungo awasangalatsa, ngakhale kuti zimenezo zidikira kaye ndalama. Funso latsala limodzi kwa bambo a ku Moatize. Mita ikuonetsa ma ohm 5,400 okha, ndipo tikagogoda maginito, mbali ya nsambo zazikulu ikuyankha mwamphamvu pamene ya nsambo zazing'ono ili zii. Kodi pikapuyi yafa?

Wamawailesi_Moatize anayankhanso kuti:

Musafulumire kuitaya, achimwene. Makoyilo awiriwo amalumikizana motsatana, ndiye koyilo imodzi ikanakhala yoduka pa njira yake gitala yonse ikanakhala chete, ndipo mita sikanaonetsa nambala yaing'ono choncho. Nambala mwapezayo ndi theka la yoyenera, kutanthauza kuti magetsi akudutsa m'koyilo imodzi yokha n'kuilambalala inayo. Zimenezi zikufotokozanso mbali ina ya kung'ung'udza kuja, chifukwa koyilo yotsalayo ilibe inzake yozimitsana nayo phokoso. Mwina kawaya kolumikiza mbali ziwirizo kasupuka n'kukhudza chitsulo cha pansi pa pikapu, kapena wina m'mbuyomu anapeza koyilo yachiwiriyo yoduka n'kuilumpha dala kuti gitala izingolira.

Tukulani pikapuyo mosamala, osakoka mawaya, ndipo muyeze mbali yosayankhayo payokha, mutaimasula kaye ku inzake, pa timadontho tiwiri ta mtovu tomwe tili m'mphepete mwake. Ikaonetsa ma ohm oyandikira 5,000, ndi yamoyo ndipo vuto ndi la kalumikizidwe basi. Ikapanda kuonetsa kanthu, tenthetsaninso timadontho tiwirito ndi mtovu watsopano kwa kamphindi kochepa, chifukwa waya wa m'koyilo ndi wopyapyala kuposa tsitsi ndipo nthawi zambiri umalekana ndi mtovu pamalo pomwepo. Zikakanika, ichotseni yonse pamodzi ndi zivundikiro zake, muikulunge m'nsalu, ndipo mulembe pano muyeso wa m'litali ndi m'lifupi wa mbali iliyonse, chifukwa mabowo a mabezi ena a ku Japan amasiyana pang'ono ndi a Fender ndipo si pikapu iliyonse yatsopano imene ingalowemo popanda kusema. Ampu ija musaiyatsenso mpaka pulagi yake itaonedwa.